Kujoina: mneni amene anafika ndi chitupa cha ku migodi

Ascot ndi imodzi mwa malokesheni akale a mzinda wa Gweru, yoyandikana ndi Mtapa ndi Mambo, ndipo anthu akutali amaidziwa makamaka chifukwa cha bwalo lake la mpira. Dzinali ndi lomwelija la Ascot wa ku England kumene kumachitikira mipikisano ya akavalo. M'lokesheniyi mulibe mgodi, koma Gweru, imene inkatchedwa Gwelo m'nthawi ya atsamunda, yazingidwa ndi migodi mbali zonse: chrome ndi golide ku Shurugwi, golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, chitsulo ku Redcliff, asibesitosi ku Zvishavane, mkuwa ndi golide pa mgodi wakale wa Falcon ku Mvuma. Njanji ya pakati pa Bulawayo ndi Salisbury inatha kumangidwa mu 1902 kudzera pa Gwelo, ndipo chaka chotsatira nthambi yake inafika ku Selukwe, imene lero ndi Shurugwi. Kuyambira pamenepo mzindawu unakhala mphambano ya anthu ofuna ntchito.

M'misewu ya malokesheni amenewa mumamveka Chishona ndi Chindebele, komabe mayina monga Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe si achilendo. Mbiri ya banja lotere imayamba ndi funso limodzi: kodi agogo anabwera bwanji? Mayankho ake ndi ochepa. Ena anayenda pa selefu, ena anakwera Ulere, ndipo ena anajoina. Mneni wotsirizayu safuna pamtherankhani. Mkulu akanena kuti "mchimwene wanga anajoina mu 1952", omvera a msinkhu wake safunsa kuti anajoina chiyani.

Mneni "join" m'Chingerezi ndi wotambalala kwambiri. Kalipentala amamugwiritsa ntchito polumikiza matabwa awiri, wophunzitsa za malo amamutchula pofotokoza pamene Shire imathira mu Zambezi, wansembe amamunena pomanga ukwati, ndipo mabuku akale a nkhondo ali naye pamene magulu awiri a asilikali ayambana. Munthu wobwera kudzakhala pansi ndi anzake pa chakudya, Mngerezi amati wawajoina. Chimodzimodzinso wolowa bungwe. Pa zonsezi Chichewa sichinkasowa mawu. Chinali ndi kulumikiza, kulunzanitsa, kuphatikiza, kukumana, kumanga ndi kulowa, ndipo mawu amenewa adakali amoyo. Chiyankhulo sichikonda kubwereka khasu pamene chili nalo lake. Choncho chofunika kufufuza ndi chinthu chachilendo chimene liwuli linabwera litasenza, chimene kulowa ndi kulumikiza sikunkachinena mokwanira.

Angerezi nawonso liwuli anachita kubwereka. Limayamba kuoneka m'zolemba zawo cha m'ma 1300, ndipo analitenga ku mneni wa Chifalansa chakale "joindre". Nthawi imeneyo Chifalansa chinali chiyankhulo cha olamulira ku England, kuyambira pamene William wa ku Normandy anagonjetsa dzikolo mu 1066, ndipo mawu ambiri okhudza malamulo, nkhondo ndi luso la manja analowa m'Chingerezi kudzera pa khomo limenelo. Chifalansa chinalandira liwuli kuchokera ku Chilatini "iungere", kumanga pamodzi, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene Aroma ankamanga pamodzi ndi mneniyu chinali ng'ombe ziwiri zokoka pulawo kapena ngolo. Mtengo woikidwa pakhosi pa ng'ombezo ankautcha "iugum".

Banja la tsinde limeneli ndi lalikulu ndipo linamwazikana kutali. Liwu la Chingerezi "yoke", lotanthauza goli, ndi mbale wake weniweni, ngakhale kuti ilo silinadzere ku Chifalansa. Angerezi anali nalo kuyambira kale. Agiriki ali ndi "zugon". Ku India, Chisansikiriti chili ndi "yuga", goli, komanso "yoga", liwu limene lero limadziwika dziko lonse ngati dzina la masewera olimbitsa thupi koma pachiyambi linkanena za kumanga pamodzi. Abale a ku Tete ndi ku Niassa amene anaphunzira m'Chipwitikizi adzazindikira "juntar", "junto" ndi "junta", komanso "jugo", goli. M'Chingerezi momwemo muli "joint", mfundo kapena polumikizira. "Junction", mphambano ya njanji monga ya pa Gweru. Ndi "conjunction", amene m'kalasi ya Chichewa amatchedwa mlumikizi. Mulinso "subjugate", kugonjetsa, mawu ochokera ku mwambo wa nkhondo wa ku Italy wakale wodutsitsa ogonjetsedwa pansi pa mikondo itatu yomangidwa ngati goli. Aroma eni ake anachititsidwapo manyazi amenewa ndi Asamnite mu 321 Khristu asanabadwe.

Chodabwitsa n'chakuti tsinde limeneli linafika kummwera kwa Africa kawiri, pa njira ziwiri. Mabunu anabwera ndi ngolo zawo za ng'ombe pamodzi ndi liwu lawo "juk", limene Azulu analisandutsa "ijoka" ndipo Ashona "joko". Kenaka eni migodi anabwera ndi "join", ndipo Azulu ndi Axhosa anapanga "ukujoyina" ndi "ijoyini". Motero mlimi wa ku Shurugwi womanga ng'ombe pa joko ndi mlendo wa ku Dedza wojoina pa mgodi woyandikana naye ankatchula mawu apachibale popanda kudziwa. Chichewa sichinafunikire kubwereka dzina la goli, pakuti chinali nalo, ndipo goli lake linayamba kudziwika pakhosi pa munthu lisanafike pakhosi pa ng'ombe. Linali mtengo wa mphanda womangira akapolo pa ulendo wa ku Nkhotakota, Kilwa ndi Quelimane, wonga umene Livingstone ndi anzake anadula ndi sowo pa mudzi wa Mbame mu 1861 pomasula anthu 84.

Apa mpofunika kusamala. Chiyambi cha liwu sichilamula tanthauzo lake, ndipo mnyamata wa ku Ntcheu wodinda chala pa pepala sankadziwa Chilatini. Ubale wa "join" ndi goli ndi wokometsa nkhani chabe. Umboni wa momwe anthu ankaionera joini uli m'dzina limene iwo eni anaipatsa.

Dzinalo linali chibaro. Mu 1903 eni migodi a ku Southern Rhodesia, mothandizidwa ndi British South Africa Company imene inkalamulira dzikolo, anakhazikitsa Rhodesian Native Labour Bureau. Migodi ya ku Rhodesia inali yaing'onoing'ono ndi yomwazikana, miyala yake yosalemera ngati momwe azungu ankayembekezera, ndipo eni ake anaona kuti phindu lingapezeke pokhapokha atachepetsa malipiro ndi phoso. Ashona ndi Andebele, amene anali adakali ndi minda ndi ng'ombe, ankatha kugulitsa mbewu n'kulipira msonkho, choncho ku mgodi ankapita kanthawi kochepa kapena osapitako n'komwe. Ntchito ya bungweli inali kubweretsa anthu ochokera kumpoto kwa Zambezi, kuwamanga pa pangano la miyezi 12, ndi kuwatumiza ku migodi imene anthu oyenda paokha ankaikana. Olembedwa anaitcha ntchito yotere chibaro, kutanthauza ntchito yokakamiza, liwu lomwelo limene ku Mozambique limamveka kuti chibalo. Charles van Onselen analisandutsa mutu wa buku lake la mu 1976, ndipo anawerengera kuti pakati pa 1900 ndi 1933 anthu akuda oposa 30,000 anafera pa migodi ya Southern Rhodesia, ambiri a iwo chifukwa cha matenda monga chibayo ndi nthenda yotupitsa nkhama yodza ndi chakudya chosakwanira. Ofa pa ngozi za pansi anali ochepa powayerekeza.

Chimene chinkatulutsa amuna m'midzi ya Nyasaland chinali msonkho. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo pambuyo pake unakonzedwa kuti amene sanagwire ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi azilipira mowirikiza. Malipiro a m'minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba anali otsika kuposa a kummwera kwa Zambezi. Panali zaka zimene boma la ku Zomba linaletsa kulemba anthu opita kunja, pofuna kusungira azungu a mindawo antchito otsika mtengo, koma olemba anthu ankangodikira kutsidya kwa malire ndi pa madooko a Zambezi. Munthu wochoka ku Dowa kapena ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ankayenda pansi milungu ingapo. Kamba akamuthera, mapazi atatupa, ankapeza munthu womulonjeza ufa, bulangete ndi ulendo wopanda mantha. Ambiri anajoina ali pa njira, njala itawagonjetsa.

Kujoina kunali ndi mwambo wake. Munthu ankavula n'kupimidwa ndi dokotala, dzina lake linkalembedwa m'kaundula monga momwe kalaliki walimvera, ankadinda chala, ndipo ankalandira chitupa ndi nambala. Sankasankha mgodi. Nthawi yake inkawerengedwa ndi tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku limene wadwala kapena limene kapitawo wakana kulichonga silinkawerengedwa, kotero kuti matikiti 12 ankatenga nthawi yoposa chaka. Choposa zonse, sankatha kuchoka. Lamulo la Masters and Servants la mu 1901 linkaona kusiya ntchito pangano lisanathe ngati mlandu wofunika apolisi ndi ndende, ndipo malamulo a zitupa ankachititsa kuti wothawa agwidwe msanga. Chinthu chachilendo chija ndi chimenechi: kudzipereka m'kaundula wa munthu wina kwa nthawi yoikika, ndi chilango cha boma kwa wotuluka nthawi isanakwane. Kumudzi kunali thangata, kunali chikamwini, kunali ukapolo, koma kunalibe pepala lowerenga masiku. Kulowa kunali kofewa kwambiri ponena chinthu chotere, ndipo kulembedwa ntchito kunkanena za aliyense, ngakhale wophika wa m'nyumba ya mzungu ku Blantyre.

Liwu limamveka bwino likaikidwa pambali pa lotsutsana nalo, ndipo lotsutsana ndi joini linali selefu, lochokeranso ku Chingerezi, "self". Woyenda pa selefu ankadzilipirira ulendo, ankadzisankhira bwana, ndipo ankatha kufunsa anzake za mgodi asanapereke chitupa. Anthu a ku Nyasaland ambiri amene anafika ku Midlands anabwera motere. Obwerera kumudzi ankauza opita za migodi yabwino ndi yoipa, ndipo ankaipatsa mayina ochenjeza. Limodzi mwa mayina amene van Onselen anasonkhanitsa ndi Chayamataka, lonena za chikoti cha pamatako. Mgodi wa mbiri yoipa unkasowa anthu, ndiye unkapempha achibaro. N'chifukwa chake m'komboni imodzi munkapezeka anthu awiri ochokera m'boma limodzi, ogwira ntchito yofanana, koma wina wolandira zochepa ndi wosatha kuchoka. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira amene anaphunzira ku Livingstonia, anali wa selefu. Anagwira ukalaliki pa mgodi wa Shamva ndi pa Falcon ku Mvuma, anadutsa ku Bulawayo, ndipo anafika ku Cape Town mu 1918. Ulendo wakewu ukuonetsa momwe ambiri ankaionera Rhodesia: malo opumira ndi kupezera ndalama ya sitima pa ulendo wa kumene malipiro anali okwera.

Kumeneko kunali ku Joni, ndipo kufanana kwa Joni ndi joini kwasokoneza ambiri. Mawu awiriwa alibe ubale. Joni ndi chidule cha Johannesburg, monga Jubeki. Amangomveka ngati apachibale chifukwa njira yodziwika yopitira ku Joni inali joini ya Wenela, Witwatersrand Native Labour Association, imene inayamba kulemba anthu ku Nyasaland mu 1903. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930.

Bungwe la chibaro linatha mu 1933, koma joini sinathe. Komiti ya boma la Nyasaland yotsogozedwa ndi Travers Lacey inapeza mu 1935 kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula za machona, anthu amene anasiya kutumiza kalata ndi ndalama kumudzi. Chaka chotsatira maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasainirana pangano la ku Salisbury lokhudza antchito oyendayenda. Southern Rhodesia inayambitsa malole onyamula anthu popanda malipiro, amene apaulendo anawatcha Ulere, ndipo mu 1946 inakhazikitsa bungwe latsopano lolemba anthu, Rhodesian Native Labour Supply Commission, limene linadziwika ndi dzina la Mthandizi. Mayina awiriwa ndi Chichewa chenicheni, okoma m'khutu, oitanira. Koma wojoina Mthandizi nthawi zambiri ankathera pa famu ya fodya kapena pa ntchito imene ena aikana, ndipo amuna odziwa zinthu ankasankha Wenela ngati thupi lawo lapambana sikelo ya dokotala. Mu nthawi yomweyi Gwelo inali kukula ndi mafakitale, monga ya nsapato ya Bata ndi yosungunula chrome, ndipo ena mwa amene anamaliza matikiti awo ku Selukwe ndi ku Shabani anadzakhazikika m'malokesheni ake.

Tsopano za maonekedwe a liwulo. Mneni yemweyu, wa tanthauzo lomweli, akupezeka m'Chizulu, Chixhosa, Chisotho, Chishona, Chibemba ndi Chichewa. Kufanana kotereku kukuloza ku gwero limodzi, ndipo gwerolo ndi chiyankhulo cha ntchito cha ku migodi, chimene ku Joni chimatchedwa Fanakalo ndipo ku Rhodesia Chilapalapa. Mawu ake ambiri ndi a Chizulu, osakanizidwa ndi Chingerezi ndi Chibunu, ndipo mkati mwake "joyina" ndi "joyin" anali kale mawu a pangano la ntchito. Wojoina sankafunika kudziwa Chingerezi kuti alidziwe liwuli. Ankalimva kwa kalaliki, kwa mapolisa a m'komboni ndi kwa anzake. Linayendera limodzi ndi tikiti, komboni, chitupa, kufola, kumene kunachokera ku lamulo la asilikali "fall in", ndi mgodi weniweniwo, umene ndi "umgodi" wa Chizulu. Njira ina inali ya usilikali, pakuti Angerezi anazolowera kunena "join up" m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo kujoina Keyala kunalinso kupimidwa, kulandira nambala ndi kusatha kuchoka.

Litalowa, Chichewa chinaliveka zovala zake zonse. Chinaika lembo la liwu "a" kumapeto monga aneni onse, n'kupanga kujoina. Chinalilola kulandira misintho: kujoinitsa, kujoinira, kujoinidwa, kujoinana. Msintho womchititsa uli ndi umboni wosangalatsa. Lamulo la Chichewa n'lakuti tsinde likakhala ndi "e" kapena "o" kumapeto kwake, msintho umakhala "-ets-", monga kugona, kugonetsa, kapena kufola, kufoletsa. Likakhala ndi "a", "i" kapena "u" umakhala "-its-", monga kuphika, kuphikitsa. Mngerezi amatchula "join" ngati phatikizo limodzi lotsamira pa "o". Achewa akanalimva choncho, bwenzi akunena kujoinetsa. Amanena kujoinitsa, kusonyeza kuti analigawa kukhala maphatikizo atatu, jo-i-na, ndipo "i" ndiye akulamula. Zomwezi zinachitika ndi kusaina, kusainitsa.

Mkangano wa kalembedwe umachokera pomwepo. Ena amalemba kujoina, ena kujowina, ena kujoyina. Onse akuyesa kuthana ndi malembo a liwu awiri ogundana. Wolemba "w" akutsatira milomo yozungulira ya "o", wolemba "y" akutsatira "i" wobwerayo, monga amachitira Azulu amene kalembedwe kawo sikalola malembo a liwu awiri kutsatizana. Ku Malawi, kuyambira pa malamulo a kalembedwe a Chichewa Board a m'zaka za m'ma 1970, chizolowezi chakhala chotsekera mpata wotere, monga mau anasanduka mawu, pamene ku Zambia ambiri amalembabe mau. Nyuzipepala za ku Malawi zimakonda kujowina. Palibe mwa atatuwa amene ali wolakwa pa katchulidwe, ndipo kulimbana pa nkhaniyi n'kotaya nthawi kuposa kulimbana pa tanthauzo. Ashona ambiri amati "kujoinha", ndipo m'kamwa mwa zidzukulu za machona ku Ascot ndi ku Mkoba katchulidwe kameneka ndiko kamamveka. Dzina lochokera ku mneniyu, joini, linalowa m'gulu la mayina monga tikiti ndi foni: joini yanga yatha, majoini awiri.

M'makomboni momwemo mneniyu anapeza moyo wachiwiri. Munthu wofera kutali ndi kwawo ankaikidwa mwachisawawa, ndipo chimfine chachikulu cha mu 1918 chitapha anthu ochuluka pa migodi, alendo anayamba kupanga mabungwe a maliro otchedwa mayina a kwawo, monga Tete Burial Society ndi Port Herald Burial Society, ya anthu a ku Nsanje. Mabungwewa anali ndi kaundula, msonkho wa pamwezi, khadi ndi maudindo. Anatengera maonekedwe a ofesi ya mzungu, ndipo anatengeranso mneni wake, koma tsopano munthu ankajoina mwa kufuna kwake ndipo kaundula anali m'manja mwa mnzake. Kadalie anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo mu 1927 Robert Sambo, wochokeranso ku Nyasaland, anayamba kulembetsa mamembala ake ku Bulawayo mpaka boma linamuthamangitsa m'dzikolo. Chaka chomwecho antchito pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa Shamva, motsogozedwa ndi anthu a ku Nyasaland, ananyanyala ntchito. Sitiraka yaikulu ya mu April 1948 inayambira ku Bulawayo n'kufika ku Gwelo ndi matauni ena.

Kenaka kunabwera kujoina Kongilesi. Nyasaland African Congress, yokhazikitsidwa mu 1944, inali ndi nthambi pakati pa Anyasa a ku Southern Rhodesia, ndipo ndalama zawo zinathandiza polimbana ndi chitaganya cha 1953. Pa 3 March 1959 boma la Nyasaland linamanga Dr Hastings Kamuzu Banda n'kumutumiza ku ndende ya Gwelo, kumene anakhala pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi Yatuta Chisiza, kufikira pamene anamasulidwa pa 1 April 1960. Banda iye mwini ali mnyamata anayenda pansi kupita kummwera, nagwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley, imene lero ndi Chegutu. Mbiri ya mneniyu inapindikanso m'manja mwake. Ufulu utabwera, khadi la Malawi Congress Party linakhala chinthu chofunsidwa pa msika ndi pokwera basi, ndipo a Mboni za Yehova, amene anakana kuligula, analetsedwa mu 1967. Mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Lero mneniyu wapepuka. Phungu amajowina chipani m'mawa n'kutuluka chisankho chikayandikira, achinyamata amajoina gulu la pa WhatsApp, ndipo amisiri a magetsi ndi a mapaipi amajoina mawaya ndi mipope. Tanthauzo la amisirili ndilo loyandikana kwambiri ndi la Chingerezi choyambirira, koma m'Chichewa limakhala m'mbali, pamene la kaundula ndilo lili pakati.

Malire a liwu amaoneka pa zinthu zimene silikhudza. Achewa anapita ndi Gule Wamkulu ku migodi ndi ku mafamu a Rhodesia, kumene Ashona amati zvigure, ndipo madambwe anakhazikika pafupi ndi makomboni. Koma mkulu wa kudambwe sanena kuti mnyamata wajoina Nyau. Amati walowa, wameta, kapena wagula njira. Mpingo wa CCAP unatsatira anthu ake kuyambira mu 1912, pamene Mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland kukatumikira ku Salisbury, ndipo ntchitoyo inakula mpaka kukhala sinodi imene lero ndi ya Harare. Mmenemonso munthu amalowa kalasi n'kubatizidwa. Ukwati amaumanga ankhoswe, ndipo mkamwini amalowa m'banja. Palibe amene amajoina mbumba kapena mfunda. Zimene munthu amajoina ndi zimene zili ndi kaundula, khadi ndi khomo lotulukira, ngakhale khomolo litakhala ndi mlonda. Zimene zimasintha munthu kuti asabwererenso monga analili zinatsala ndi mawu akale. Wachinyamata wa m'tauni akanena kuti wajoina mpingo wakutiwakuti, akulu amamva kuti mwina chaka chamawa adzakhala kwina.

Joini yeniyeni inatha pang'onopang'ono. Mu 1958 Southern Rhodesia inakhazikitsa Foreign Migratory Labour Act pofuna kuchepetsa alendo m'matauni, pakuti eni dziko olandidwa minda anali atachuluka pa mizere yofuna ntchito. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, ndipo Banda anaimitsa kulemba anthu. Pa nthawiyo Amalawi oposa 100,000 anali pa migodi ya South Africa. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, kwa anthu ochepa, n'kutheratu kuyambira mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV. Ku Blantyre kunatsala dzina lokha, pa depoti ya mabasi ya Wenela.

Ku Midlands kunatsala anthu. Ziscosteel ya ku Redcliff inazima ng'anjo zake mu 2008, migodi ya asibesitosi ya Shabanie ndi Mashava inaima m'zaka zomwezo, ndipo mabanja amene nyumba yawo inali ya kampani anapezeka opanda ntchito komanso opanda mudzi wa kumidzi wothawirako. Ankanyozedwa kuti mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndi kuti anthu opanda mitupo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anafunika kuukana unzikawo motsatira malamulo a dziko linalo, ndipo ambiri obadwira ku Shurugwi ndi ku Kwekwe, amene ku Malawi kapena ku Mozambique sanapondeko, anakhala ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa gawo 43, anazindikira kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera ku dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe ofesi imafuna mapepala a makolo, ndipo pepala limene agogo ambiri anasiya linali chitupa cha ntchito, cha dzina limene kalaliki analemba monga analimvera.

Ulendo wa kummwera sunathe. Mabasi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amadutsa pa Dedza kapena pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kutsika kuchokera ku Harare kulowera ku Masvingo ndi Beitbridge. Pa Mvuma, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Gweru, apaulendo amaona chumuni chachitali cha mgodi wa Falcon, cha mamita 40, chomangidwa mu 1913, pamene Kadalie anagwirapo ukalaliki. M'basimo mulibe amene wapimidwa ndi dokotala wa kampani kapena kudinda chala pa pangano. Onse ndi a selefu.